Mlandu wa mamilimita 130

Chiganizo chothira dothi ndi timiyala m'maenje a msewu wochokera ku Chipata kupita ku Lundazi, m'malo moufukula ndi kuumanganso kuyambira pa maziko, chabwerezedwa kambirimbiri mwakuti anthu a ku Mphamba ku Lundazi ndi midzi yoyandikana nayo anasiya kuchiona ngati chiganizo cha munthu wokhala mu ofesi, ndipo tsopano amachiwerengera limodzi ndi nyengo za chaka. Dothi limathiridwa m'chilimwe, limasanduka fumbi lolowa m'maso mwa okwera njinga, mvula yoyamba imalikokolola, ndipo pofika mu Febuluwale dzenje lililonse limakhala litabereka ana. Zonsezi owerenga akuzidziwa, ndipo kuzifotokozanso n'kutaya inki. Chimene sichinadzudzulidwe mokwanira ndi mawu amene amatsagana ndi dothilo nthawi zonse, mawu otuluka pakamwa pa akuluakulu a m'maofesi, pa ogulitsa magalimoto ndi pa anthu wamba amene anawameza osatafuna, akuti munthu wanzeru amagula galimoto yogwirizana ndi misewu ya kuno. Mawu amenewa amamveka ngati malangizo a gogo wokonda adzukulu ake, koma ntchito yake yeniyeni ndi kuchotsa mlandu pa msewu ndi pa amene analipidwa kuti aumange, n'kuusenzetsa munthu amene walipira misonkho yonse ndipo akungofuna kufika kwawo bampala ili m'malo mwake.

Palibe galimoto imene imanyozedwa ndi mawu amenewa kuposa kagalimoto kotsika ka zitseko ziwiri, kopepuka, kamene mphamvu ya injini yake imapita ku mawilo a kumbuyo. Chitsanzo chodziwika kwambiri cha mtundu umenewu masiku ano ndi Toyota 86, imene ku Ulaya inkagulitsidwa ndi dzina la GT86, ku America ndi dzina la Scion FR-S, ndipo inabadwa mapasa ndi Subaru BRZ. Inayamba kugulitsidwa mu 2012, makampani awiriwo atagwirizana kuti izipangidwira pa fakitale ya Subaru mumzinda wa Ota, m'chigawo cha Gunma ku Japan, ndipo injiniya wamkulu wa ntchitoyo ku mbali ya Toyota anali Tetsuya Tada. Injini yake ndi ya malita 2.0, ya mtundu wotchedwa boxer, kutanthauza kuti masilinda ake anayi anagona chammbali, awiri kumanzere ndi awiri kumanja, m'malo moima chilili monga a Corolla, ndipo kugona kumeneku kumatsitsira kulemera kwa galimoto pafupi ndi nthaka kuti isamapendekere pokhota. Mphamvu yake ndi mahosipawa 200, umene ndi muyeso wa nyonga ya injini, kulemera kwake ndi pafupifupi makilogalamu 1,250, ndipo mtundu wake wotsika mtengo kwambiri unkagulidwa ku Japan pa ndalama zosafika mayeni 2 miliyoni. Opanga ankafuna galimoto ya masewera imene munthu wolandira malipiro a pamwezi angathe kuifikira, ndipo popeza zoyambirirazo zatha zaka zoposa khumi, tsopano zikupezeka pa misika ya magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ku Japan, komwe kumachokera magalimoto ambiri oyenda m'misewu ya Zambia.

Kuti mkanganowu umveke, pafunika kufotokoza kusiyana kwa galimoto yokoka ndi yokankha. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri amene akugwira ntchito ya takisi pa boma la Lundazi amakoka ndi mawilo a kutsogolo, ndiye kuti mawilo omwewo ndiwo akuwongolera njira, ndiwo akunyamula injini, ndiwonso akukoka katundu yense, monga mayi amene wabereka mwana, wasenza mtolo wa nkhuni, n'kumakokanso mbuzi pachingwe. M'galimoto yokankha ntchito imagawidwa: mawilo a kutsogolo amangowongolera, ndipo mphamvu imadutsa mu giyabokosi, n'kuyenda m'chitsulo chozungulira chotchedwa shafiti chimene chili pansi pa galimoto, mpaka kufika mu difu, chipangizo chogawira mphamvu ku mawilo awiri a kumbuyo. Kugawana kumeneku ndiko kumachititsa kuti chiwongolero chizimveka chopepuka ndi chomvera m'manja mwa dalaivala. Mainjiniya a Toyota 86 anaiveka dala matayala opyapyala a mamilimita 215, a mtundu womwewo umene unkaikidwa pa magalimoto ena a Prius, kuti dalaivala azimva malire a kugwira kwa tayala pa liwiro laling'ono, asanafike pa liwiro lotengera munthu kumanda. Nambala ya 86 inatengedwa ku AE86, Corolla yokankha ndi mawilo a kumbuyo imene inapangidwa kuyambira 1983 mpaka 1987, ndipo ndi bwino kuti onyoza akumbukire kuti kholo la galimoto imene akuitcha yachibwana ndi Corolla, dzina limene iwo omwe amalitchula molemekeza ngati la mfumu.

Tsono mlandu wonse wagona pa nambala imodzi. Mpata wa pakati pa mimba ya Toyota 86 ndi nthaka ndi mamilimita 130, utali wosafika cholembera chimene mwana wa sukulu amaika m'thumba la malaya. Onyoza akamva nambala imeneyi amaseka mpaka misozi, n'kumafunsa kuti kagalimoto kotero kangafike bwanji ku Lundazi. Funsoli ndi labwino, koma alilunjika kwa wosalakwa. Msewu wa phula, malinga ndi tanthauzo lake lenileni, ndi malo osalala amene tayala limagudubuzika popanda chokhudza mimba ya galimoto, ndipo pa msewu wotero mamilimita 130 ndi ochuluka zedi. Ngati galimoto imene inadutsa mayeso a boma ku Japan, inayesedwanso isanakwere sitima, inalipiridwa msonkho pa chipata cha dziko ndipo inapatsidwa nambala ya Zambia, singathe kuyenda makilomita pafupifupi 180 a pakati pa likulu la chigawo ndi boma lina lalikulu la chigawocho, ndiye kuti chimene chalephera mayeso ndi msewu. Komanso Corolla, Vitz ndi Allion, zimene aphunzitsi, anamwino ndi oyendetsa matakisi amadalira, zili ndi mpata wa pakati pa mamilimita 140 ndi 160 basi, kusiyana kwa chala chimodzi kapena ziwiri, ndipo zikanyamula anthu asanu ndi thumba la chimanga kumbuyo kusiyanako kumatheratu. Msewu umene umapha kagalimoto ka masewera pa ulendo umodzi ndi womwewo umene ukudya takisi ya munthu wosauka pang'onopang'ono, shoki lero, tayala mawa, sampu ya oyilo mwezi wamawa.

Akale anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo mwambi umenewu ukufotokoza bwino chifukwa chimene chitseko cha msewu wa ku Lundazi chimachedwera kutsekulidwa. Amene ali ndi makiyi samva m'mimba. Amayenda m'magalimoto akuluakulu olemera pafupifupi kawiri kuposa Toyota 86, okhala ndi mpata woposa mamilimita 200, matayala onenepa ndi masipuling'i ofewa, mawindo atatsekedwa, mphepo yozizira ikuwomba, kotero kuti dzenje limene lingathyole mwendo wa ng'ombe limafika kwa iwo ngati kugwedezeka pang'ono kwa botolo la madzi. Zaka zapitazi kunagulidwa magalimoto a mtundu wa Land Cruiser, imodzi pa dera lililonse la phungu wa nyumba ya malamulo, ati kuti aziyendera ntchito za chitukuko, ndipo chifukwa chimene chinaperekedwa chinali chakuti misewu ya kumidzi ndi yoipa. Nzeru yake ndi yochititsa chidwi kwambiri. Misewu ndi yoipa, choncho pagulidwe magalimoto osamva kuipa kwa misewu, kuti oyendera misewu akathe kuona ngati misewuyo ili bwino. Sing'anga wopima malungo atavala magolovesi a wowotcherera zitsulo angachitidwe chipongwe m'mudzi monse, koma woyendera msewu atakwera pa nsanja ya matayala amalandira alawansi, n'kulemba lipoti lakuti msewu ndi wodutsika. Mawu akuti wodutsika ndiwo chinyengo chachikulu cha m'malipoti amenewa, pakuti ngakhale mtsinje wa Luangwa ndi wodutsika kwa mvuu.

Amene amamva m'mimba amapezeka pa magalaja a pansi pa mitengo ya mango, kumene nthaka inadetsedwa ndi oyilo wa zaka zambiri. Galimoto yongofika kumene kuchokera ku Japan, mipando ikadanunkhira, imayamba yaonekera kwa makaniko isanaonekere kwa achibale, ndipo iye akaizungulira kamodzi n'kusuzumira pansi amanena mawu omwewo amene amauza aliyense: "Bwana, iyi tiikweze." Kukweza kumeneku ndi kulowetsa masipesa, tizidutswa ta chitsulo kapena ta labala yolimba, pamwamba pa masipuling'i kuti thupi la galimoto likwere masentimita awiri kapena atatu. Galimoto imakweradi, koma makona onse amene mainjiniya anawerengera mosamala amasokonekera, matayala amayamba kudyeka mbali imodzi, majointi amatha msanga, ndipo pokhota galimoto imapendekera kuposa kale. Pambali pake pamakhala ina itakwezedwa pa majeke ndi zitsa, mnyamata atagona chagada pa katoni akuchotsa sampu, chiwaya chosungira oyilo pansi pa injini, chimene mwala unaboola, kuti apite nacho kwa wowotcherera. Pa msewu penipeni pamakhala anyamata a mafosholo amene amakumba dothi m'mbali n'kumathira m'maenje, galimoto ikamayandikira amatambasula dzanja n'kunena kuti, "Bwana, ya madzi." Anyamata amenewa sayenera kunyozedwa, pakuti luso lawo ndi lomwelo limene makontirakitala ena amalipidwa nalo mamiliyoni, kungoti iwo sapempha ndalama ntchito isanayambe.

Funso lakuti ndani amawononga msewu linayankhidwa kale ndi sayansi, ndipo yankho lake silikondweretsa okonda magalimoto akuluakulu. Pakati pa 1958 ndi 1960, pafupi ndi tauni ya Ottawa m'chigawo cha Illinois ku America, kunachitika mayeso aakulu otchedwa AASHO Road Test, pamene malole a kulemera kosiyanasiyana anayendetsedwa usana ndi usiku pa misewu yoyeserera mpaka misewuyo itang'ambika. Pa mayesowo panatuluka lamulo limene mainjiniya a misewu akugwiritsabe ntchito, lakuti kuwonongeka kwa msewu kumakula mofulumira kwambiri kuposa kulemera kumene kuli pa ekisilo, ndiko kuti pa mzere umodzi wa mawilo: kulemerako kukawirikiza kawiri, kuwonongeka kumawirikiza pafupifupi ka 16. Ekisilo imodzi ya Toyota 86 imanyamula makilogalamu pafupifupi 625, pamene ekisilo ya lole yodzaza moyenera imanyamula matani 8, ndipo kuwerengera kwa lamuloli kumasonyeza kuti kudutsa kamodzi kwa ekisilo ya loleyo kukufanana ndi kudutsa kwa ekisilo ya kagalimotoko koposa ka 25,000. Lole yomweyo ikawonjezeredwa matumba mpaka ekisilo ifike matani 10, kuwononga kwake kumaposa kuwirikiza kawiri. Lundazi ndi nkhokwe ya chimanga, soya, mtedza, thonje, mpendadzuwa ndi fodya, ndipo nyengo yogula mbewu ikafika malole amatuluka atalemedwa mpaka masipuling'i kuwongoka. Malolewo ndi ofunika, pakuti mlimi sangadye soya yense amene walima, koma msewu wopita ku dera lotere uyenera kumangidwa molingana ndi katundu wake, ndipo sikelo zoyezera malole ziyenera kugwira ntchito popanda kanthu kodutsa pawindo. Kagalimoto kopepuka kali ngati nkhuku yoyenda pa bwalo limene njovu zapondaponda, ndipo n'zodabwitsa kuti pa zamoyo ziwirizi imene ikuuzidwa kuti ilibe khalidwe ndi nkhuku.

Nkhuku yomweyo ndiyo imalipira mokhulupirika. Kuyambira mu 2018 msonkho wa magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito olowa mu Zambia umawerengedwa potengera mtundu wa galimoto, kukula kwa injini ndi zaka zake, ndipo pamwamba pake pali msonkho wa utsi, msonkho wa msewu, gawo la msonkho limene limabisala mu lita iliyonse ya petulo, ndi ndalama zolipira pa zipata za pa Great East Road. Palibe fomu ngakhale imodzi pa zonsezi imene ili ndi bokosi lochenjeza mwini galimoto kuti ndalama zake zilandiridwa koma msewu wa kwawo sudzamulola kudutsa. Chaka cha 2012, chimene Toyota 86 inatuluka pa fakitale, ndichonso chaka chimene ndondomeko ya Link Zambia 8000 inakhazikitsidwa ndi lonjezo la makilomita 8,000 a misewu yabwino yolumikiza zigawo zonse za dziko. Anthu a ku Japan pa zaka zimenezi anapanga galimoto yawo, anaigulitsa m'mayiko ambiri, anaikonza mwina ndi mwina, ndipo mu 2021 anatulutsa m'badwo wachiwiri wotchedwa GR86 wokhala ndi injini ya malita 2.4. Kuno ngongole inakula mpaka mu Novembala 2020 dziko linalephera kulipira amene linawakongola, ndipo anthu a ku Mphamba, amene adzabweza nawo ngongoleyo kudzera m'misonkho mpaka adzukulu awo, akuuzidwabe kuti agule galimoto yogwirizana ndi misewu ya kuno.

Ulendo wa galimoto yotere kuchokera pa doko umaonetsa poyera pamene pali bala. Ikatsika sitima ku Dar es Salaam imayenda pa phula mpaka pa chipata cha Tunduma ndi Nakonde. Pa mapu, njira yachidule yochokera ku Nakonde kufika ku Lundazi imadzera ku Isoka, Muyombe ndi Chama, koma dalaivala amene amakonda galimoto yake amazungulira makilomita pafupifupi 1,000 kupita ku Lusaka, n'kubwereranso chakummawa makilomita ena oposa 550 kufika ku Chipata. Chigawo cha Great East Road chochokera pa mlatho wa Luangwa kufika pa chipata cha Mwami chinamangidwanso ndi thandizo la ndalama zochokera ku Ulaya ndi ku banki ya chitukuko ya mu Africa, ndipo pamenepo kagalimoto ka mamilimita 130 kamayenda ngati kali kwawo. Nthaka yake ndi ya chigawo chomwechi, mvula yake ndi yomweyi, dzuwa lake ndi lomweli, malole ake nawonso ndi olemera. Amene amanena kuti nyengo ya kuno silola misewu yosalala afotokoze chifukwa chimene nyengoyo imasinthira munthu akangokhota pa Chipata kulowera kumpoto.

Onyoza akathawa pa nkhani ya mpata amabisala pa nkhani ya ngozi, n'kumanena mogwedeza mutu kuti galimoto yokankha ndi mawilo a kumbuyo imaterereka, kuti ndi bokosi la maliro loyenda lokha. Akamaliza kulankhula amakwera minibasi ya Hiace, imene imakankha ndi mawilo a kumbuyo, atatumiza matumba awo pa Canter, imene imakankha ndi mawilo a kumbuyo, ndipo m'njira amapitiriridwa ndi Hilux ya bwana wawo, imene pa phula imakankhanso ndi mawilo a kumbuyo. Makolo awo anayenda Africa yense pa Peugeot 404 ndi 504, zokankha ndi mawilo a kumbuyo, ndipo mpaka lero amazitamanda pa maliro ndi pa ukwati kuti kunali magalimoto kale. Mbiri ya mpikisano wa Safari Rally ku East Africa, umene unkadziwika kuti ndi wankhanza kuposa mipikisano yambiri ya magalimoto pa dziko lapansi, ikuwatsutsanso. Datsun 240Z, galimoto ya masewera ya zitseko ziwiri, yotsika mtengo poyerekeza ndi zinzake za ku Ulaya, yokankha ndi mawilo a kumbuyo, inapambana mpikisanowo mu 1971 ikuyendetsedwa ndi Edgar Herrmann ndiponso mu 1973 ikuyendetsedwa ndi Shekhar Mehta, ndipo mu 1978 anapambana ndi Jean-Pierre Nicolas pa Peugeot 504 ya zitseko ziwiri. Zoona, magalimoto a mpikisanowo ankakwezedwa ndi kulimbitsidwa pansi, chifukwa ankapita dala kukalimbana ndi matope ndi miyala ya m'tchire. Ngati onyoza akufuna kunena kuti ulendo wa mayi wopita ku chipatala chachikulu ku Chipata uyenera kukonzekeredwa ngati Safari Rally, anene poyera, ndipo akatero adzakhala atavomereza mlandu wonse.

N'zoona kuti kumbuyo kwa galimoto yokankha kumatha kutaya mzere dalaivala akaponda mafuta mopupuluma pokhota pa msewu wonyowa, ndipo n'chifukwa chake Toyota 86 ili ndi kompyuta imene imachepetsa mphamvu ndi kugwira buleki ya wilo limodzi ikangomva kuterereka. N'zoonanso kuti ku Lusaka kuli achinyamata amene amazunguza ma Altezza, ma Mark X ndi ma BMW mpaka matayala kufuka utsi, masewera amene anachokera m'makomboni a ku South Africa monga Soweto. Koma mahosipawa 200 a kagalimoto aka saposa a Mark X ya malita 2.5 imene anthu olemekezeka amapita nayo ku tchalitchi, ndipo ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi a magalimoto a akuluakulu amene amadutsa pa misika ya m'mbali mwa msewu ngati mphepo ya mkuntho, amayi ogulitsa tomato akuthawitsa mabeseni. Zambia ndi dziko limene linabala Satwant Singh, amene anakhala katswiri wa mpikisano wa magalimoto wa Africa yense kasanu ndi katatu, ndi Muna Singh amene anatenga ukatswiri womwewo mu 2004 ndi 2005. Dziko lotere likanayenera kudziwa kuti mankhwala a wachinyamata wokonda chiwongolero ndi bwalo lotchingidwa bwino, malamulo ndi mphunzitsi, pakuti chitonzo sichinaphunzitsepo munthu kugwira buleki. Ndipo pa msewu wa ku Lundazi chimene chimaika miyoyo pa chiswe tsiku ndi tsiku ndi basi yodzaza anthu imene yasiya mbali yake pozemba dzenje, n'kukumana maso ndi maso ndi wokwera njinga amene wanyamula matumba a makala.

Chitsutso chomaliza ndicho chimanenedwa ndi nkhope yachipembedzo, chakuti galimoto ya zitseko ziwiri ndi ya munthu wodzikonda, chifukwa singanyamule matumba a fetereza, singatenge odwala, singaperekeze maliro. Mipando yake ya kumbuyo ndi yopanikiza moti munthu wamkulu sangakhalemo ulendo wautali, buti yake ndi yaing'ono, masipeya a injini ya boxer sapezeka m'sitolo iliyonse ya ku Chipata, ndipo ngakhale kusintha mapulagi kumafuna makaniko woleza mtima chifukwa ali m'mbali mopanikizana ndi thupi la galimoto. Zonsezi ndi zoona, ndipo ndi nkhani ya wogula ndi thumba lake. Chodabwitsa n'chakuti muyeso wa matumba a fetereza umagwiritsidwa ntchito pa munthu wamba yekha. Palibe amene anaonapo thumba la fetereza pa mipando yachikopa ya galimoto ya bwana wamkulu, imene imayenda ndi anthu awiri, dalaivala ndi mwini ulemerero, ikumwa mafuta olipiridwa ndi anthu onse. Mlimi wa ku Mphamba amene wagulitsa soya wake, kapena mwana wake amene wagwira ntchito zaka khumi ku Copperbelt, akafuna chinthu chongomusangalatsa pogwiritsa ntchito ndalama za thukuta lake, pamatuluka alaliki a kudzichepetsa m'ngodya zonse. Pansi pa ulaliki umenewu pali chikhulupiriro chonyansa chakuti munthu wa kumudzi analengedwa kuti azinyamula katundu basi, ndipo chisangalalo ndi cha anthu olemera a ku Kabulonga ku Lusaka.

Lundazi yemweyo ali ndi umboni wakuti chinthu chooneka chopanda ntchito chimatha kukhala ndi moyo wautali kuposa zinthu zambiri zanzeru. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 bwanamkubwa wachitsamunda Errol Button anayamba kumanga nyumba yogona alendo yooneka ngati linga la mafumu akale a ku Ulaya, yokhala ndi nsanja zake, pakati pa dziko la Atumbuka, Achewa ndi Angoni, ndipo anthu oganiza bwino a nthawi imeneyo sakanalephera kuona kuti nyumba wamba ya makona anayi ikanakwanira. Lero mlendo aliyense wofika pa boma amafunsa za nyumba imeneyo, ndipo njerwa zake zaona zigamba za phula zambirimbiri zikuikidwa ndi kukokoloka. Mlendo wofuna kudzaiona, kapena wofuna kudzaonera mwambo wa Kulonga kwa Mfumu Mphamba, amayamba wafunsa ngati galimoto yake ingafike, ndipo akamva yankho ambiri amatsalira ku Chipata ndi ndalama zawo m'thumba.

Wamisala anaona nkhondo, ndipo wachinyamata amene akutchedwa wamisala chifukwa cholakalaka kagalimoto kotsika akuona chimene oyendera misewu anasiya kuona. Dalaivala wa galimoto yotere amadziwa msewu ngati mmene mlimi amadziwira munda wake: amadziwa pamene phula latumphuka, pamene kalavati yatitimira, pamene m'mphepete mwadyeka mpaka magalimoto awiri sangapatukirane, pamene chitunda chochepetsa liwiro chinaumbidwa ndi munthu wopanda chingwe choyezera kotero kuti ayenera kuchikwera chopingasa, wilo limodzi limodzi, mano ataluma, akumvetsera ngati ekizozi ikhula. Lipoti la munthu ameneyu lingakhale lolondola kuposa mulu wa mapepala amene amasainidwa m'maofesi. Choncho njira yolandirira msewu kwa kontirakitala iyenera kusintha, ndipo kusinthako sikufuna ngongole ina. Satifiketi yakuti ntchito yatha isasainidwe tsiku lodula riboni, pamene phula likadali lakuda ndipo azimayi akuvina. Idikire mwezi wa Malichi, mvula itagwa yokwanira, ndipo injiniya woyang'anira, mkulu wa kampani yomanga ndi bwana wosaina cheke alowe onse atatu m'galimoto ya mamilimita 130 yopanda masipesa, mmodzi wa iwo apanikizike pa mpando wa kumbuyo mawondo ali pachibwano, anyamuke pa Chipata m'mawa ndi kufika pa Mphamba pa liwiro limene zikwangwani za msewuwo zimalola. Makaniko wa pansi pa mtengo wa mango akaikweze pa jeke anthu akuona, ayang'ane sampu, ekizozi ndi bampala, ndipo chilichonse chimene chapezeka chokhulika chichotsedwe pa malipiro a atatuwo.